Dzina la Nambala Zotchedwa "Prime" Liyesedwe pa Mafulakishoni

1. Chiyambi

Liwu la masamu limene mwana walandira ku pulayimale amayenda nalo mpaka ku sekondale, ndipo chaka ndi chaka liwulo limasenzetsedwa katundu watsopano. Likakhala kuti lidasankhidwa mothamanga, pongoyang'ana phunziro la tsiku limodzi, limathyoka pamene katunduyo walemera. Wovutika ndi mwana, pakuti iye amakhulupirira dzina la chinthu kuposa tanthauzo lolembedwa m'buku.

Nkhani ino ikuunika maina amene womasulira kapena mphunzitsi amafikira msanga akafuna kutchula m'Chichewa nambala zimene pa Chingerezi amati *prime numbers*, monga 2, 3, 5, 7, 11 ndi 13. Muyeso wake ndi umodzi. Dzina lililonse liyenera kuyesedwa pa mafulakishoni, chifukwa kumeneko ndi kumene nambala zimenezi zimagwira ntchito yake yaikulu m'sukulu, ndipo n'kumenenso dzina lolakwika limaonekera poyera.

Funsoli silidathe ndi kusintha kwa malamulo a chiyankhulo chophunzitsira. Mu 1996 Unduna wa Maphunziro udalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'ziyankhulo zawo, ndipo mu 2014 udalengeza kuti Chingerezi chiyambire mu Sitandade 1. Koma mwana akasokonezeka, mphunzitsi amabwerera ku chiyankhulo chimene mwanayo amamva, ndipo pamenepo amasowa liwu.

2. Chimene chikufuniridwa dzina

Nambala zimenezi ndi nambala zathunthu zoposa 1 zimene sizingapezeke pochulukitsa nambala ziwiri zathunthu zochepa kuposa izo. Nambala 15 imapezeka pochulukitsa 3 ndi 5, motero siili m'gululi. Nambala 13 ili m'gululi. Pakati pa 1 ndi 100 zilipo 25, ndipo Euclid wa ku Alexandria, cha m'ma 300 Yesu asanabadwe, adatsimikiza m'gawo lachisanu ndi chinayi la buku lake la *Elements* kuti zilibe malire.

Kufunika kwake kwagona pa mfundo iyi: nambala yathunthu iliyonse yoposa 1 imaphwanyika kukhala nambala za m'gululi zochulukitsidwa, ndipo kaphwanyidwe kake ndi kamodzi kokha. Nambala 84 ndi 2 × 2 × 3 × 7. Munthu ayambe ndi 4 × 21 kapena 6 × 14, akafika pa nambala zomwezo. Carl Friedrich Gauss adalemba umboni wathunthu wa mfundoyi mu 1801 m'buku la *Disquisitiones Arithmeticae*. Choncho dzina labwino liyenera kukumbutsa kuti nambala zimenezi ndizo zomangira nambala zina zonse.

3. Maina atatu ndi zofooka zake

*3.1 Nambala zoyamba*

Uku n'kumasulira liwu ndi liwu. Euclid adati *protos*, Alatini adati *primus*, Afalansa amati *nombre premier*, ndipo onsewa akutanthauza "choyamba". Agiriki ankaganiza za kuyamba kwa chinthu chimene zinzake zimachokerako. M'Chichewa liwu lakuti "choyamba" limamveka msanga monga la mndandanda. Mwana akauzidwa kuti atchule nambala zoyamba adzati 1, 2, 3, 4, ndipo palibe angamudzudzule. Choipa kwambiri n'chakuti nambala yoyamba kwenikweni, 1, ndiyo yosaloledwa m'gululi. Ikadaloledwa, 6 akadaphwanyika monga 2 × 3, monga 1 × 2 × 3, monganso 1 × 1 × 2 × 3, ndipo mfundo ya kaphwanyidwe kamodzi ikadagwa. Dzina loitana nambala imene tanthauzo likuikana silingakhale dzina labwino.

*3.2 Pulayimu nambala*

Kubwereka si tchimo. Mu 2008 Mercy Kazima wa ku Yunivesite ya Malawi adalemba m'magazini ya *Pythagoras* poyerekeza njira ziwiri: ya ku Tanzania ndi Nigeria, kumene adapanga mawu a masamu m'ziyankhulo zawo, ndi ya ku Malawi, kumene mawu ambiri adabwerekedwa ku Chingerezi n'kulembedwa mwa Chichewa. Liwu lobwereka lili ndi ubwino wakuti limafika lopanda matanthauzo akale osokoneza, ndipo limamukonzekeretsa mwana mayeso a m'Chingerezi. Mawu monga "nambala", "desimali" ndi "fulakishoni" alibe chifukwa chothamangitsidwira.

Koma "pulayimu nambala" ali ndi zilema ziwiri. Choyamba ndi dongosolo la mawu: m'Chichewa dzina limatsogola ndipo mfotokozi amatsata, kotero kuti wobwereka mosamala akadati "nambala yapulayimu". Chachiwiri n'chakuti khutu la Mmalawi lidazolowera kale liwu lakuti "pulayimale", ndipo mwana angaganize kuti izi ndi nambala zophunziridwa ku pulayimale. Pamwamba pa izi, liwuli silimuuza mwana kanthu kalikonse. Amaliloweza monga dzina la mlendo.

*3.3 Nambala zosagawika*

Ili ndilo dzina lokopa kwambiri, ndipo ndilo lofunika kulifatsira. Limamveka Chichewa chenicheni, ndi lalifupi, ndiponso limaoneka ngati likufotokoza tanthauzo. Pa tsiku loyamba limagwira ntchito: 7 sagawika ndi 2, 3, 4, 5 kapena 6 popanda chotsala.

Vuto loyamba ndi lakuti dzinali silinena chogawira. Ana amaphunziranso za nambala zosagawika ndi 2, monga 9, 15 ndi 21, ndipo magulu awiriwa amasakanikirana m'mutu. Mwana amayamba kuwerengera 9 m'gulu la 7 ndi 11, n'kuchotsamo 2, chonsecho 2 ndiye woyambirira m'gululi.

Vuto lachiwiri ndi lalikulu. Mwana yemweyo amadziwa kuchokera kwawo kuti mikate 7 imagawika kwa anthu awiri: aliyense amalandira itatu ndi theka. Akafika pa mafulakishoni, mphunzitsi amamutsimikizira zimenezi polemba 7/2. Kunena zoona, m'dziko la mafulakishoni nambala iliyonse imagawika ndi inzake iliyonse kupatula 0, ndipo palibe chotsala: 7 kugawa ndi 3 ndi 7/3, ndipo 7/3 kuchulukitsa ndi 3 ndi 7 ndendende. Kusagawika kumene dzinali likunena kumakhalapo pokhapokha nkhani ikakhala ya nambala zathunthu. Mwana amene adauzidwa Lolemba kuti 7 ndi wosagawika, n'kuuzidwa Lachitatu kuti amugawe, ali ndi chifukwa chokwanira chokayikira mphunzitsi kapena kudzikayikira yekha.

Akatswiri a Chiswahili adasankha *namba tasa*, ndiko kuti nambala yosabala. Dzinali lidakhazikika kwawo ndipo limapewa msampha wa kugawa. Komabe si lofunika kulitengera m'Chichewa, pakuti chithunzi chake chili chadodolido: nambala zimene zimabala zinzake zonse sizingatchedwe zosabala.

4. Dzina loyenera kuliganizira: nambala yatsinde

Aphunzitsi a Chichewa ali kale ndi liwu la chinthu chimene chimatsala mawu akaphwanyidwa mpaka polekezera, chimenenso mawu ena amamangidwapo. Liwulo ndi "tsinde". Mwana amene amadziwa kuti "anaphika", "wophika" ndi "kuphikira" ali pa tsinde limodzi sadzavutika kumva kuti 6, 10 ndi 14 ali pa tsinde limodzi la 2. Motero 7 angatchedwe nambala yatsinde, ndipo 2, 2, 3 ndi 7 angatchedwe masinde a 84. Liwu lakuti "muzu" lisiyidwe kuti ligwire ntchito pa nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imapereka inzake, monga 5 ali muzu wa 25.

Pa kalembedwe, "yatsinde" alembedwe mophatikiza monga "wanzeru" mu "munthu wanzeru", popeza akufotokoza mtundu wa nambala. Koma mu "tsinde la 84" mawu alekanitsidwe, popeza akusonyeza umwini.

Dzinali lilinso ndi chofooka chake. Mtengo uli ndi tsinde limodzi, ndipo liwu kawirikawiri lili ndi tsinde limodzi, pamene nambala ingakhale ndi masinde ambiri, ena obwerezedwa. Mphunzitsi ayenera kunena zimenezi poyera. Koma chofooka chimenechi chimakonzeka ndi chiganizo chimodzi, ndipo sichitsutsana ndi phunziro lililonse lam'tsogolo. Zigawo zotsatirazi zikuyesa dzinali pa ntchito zinayi.

5. Ntchito yoyamba: kuchepetsa ndi kuphatikiza mafulakishoni

Fulakishoni 84/126 imaoneka yoopsa mpaka nambala zake zitaphwanyidwa. Pamwamba pali 2 × 2 × 3 × 7, pansi pali 2 × 3 × 3 × 7. Masinde opezeka mbali zonse ziwiri, 2, 3 ndi 7, amafafanizana, ndipo potsala ndi 2/3. Kuchepetsa fulakishoni n'kuchotsa masinde ofanana, basi.

Apa pamabuka liwu lina lofunika. Fulakishoni 8/15 singachepetsedwenso, ngakhale 8 ndi 15 onse si nambala zatsinde. Chifukwa chake n'chakuti 8 ndi 2 × 2 × 2, 15 ndi 3 × 5, ndipo palibe tsinde limene likupezeka mwa onse awiri. Euclid adasiyanitsa bwino zinthu ziwirizi m'gawo lachisanu ndi chiwiri la buku lake: khalidwe la nambala payokha, ndi ubale wa nambala ziwiri. Wogwiritsa ntchito "zosagawika" amasowa ponena, chifukwa 8 ndi 15 ndi ogawika onse, koma 8/15 ndi "yosagawikanso". Liwu limodzi layamba kusenza zinthu zitatu. Wogwiritsa ntchito "tsinde" amangoti 8 ndi 15 ndi nambala zopanda tsinde lofanana. Mawu akuti "zosiyana masinde" apewedwe, pakuti 6 ndi 10 ndi osiyana masinde koma onse ali ndi 2.

Pophatikiza, njira ndi yomweyo. Pa 1/12 ndi 1/18, masinde a 12 ndi 2, 2, 3, ndipo a 18 ndi 2, 3, 3. Nambala yochepetsetsa yokhala ndi masinde okwanira mbali zonse ndi 2 × 2 × 3 × 3, ndiyo 36. Motero 3/36 kuphatikiza 2/36 ndi 5/36.

6. Ntchito yachiwiri: fulakishoni ndi nambala imene ikuimira

Mafulakishoni 2/3, 4/6 ndi 84/126 ndi zolembedwa zitatu, koma nambala yake ndi imodzi. Chingerezi chimasiyanitsa pakati pa *fraction*, cholembedwacho, ndi *rational number*, nambala iliyonse imene ingalembedwe monga nambala yathunthu yogawidwa ndi inzake yosakhala 0. Chichewa chikufunanso maina awiri.

Womasulira wodalira mtanthauziramawu wamba adzapeza kuti *rational* ndi "wanzeru" kapena "woganiza bwino", ndipo adzabala nambala zanzeru ndi nambala zopanda nzeru. Koma m'masamu tanthauzo la liwuli limagwirizana ndi *ratio*, kuyerekeza kwa nambala ziwiri. Chiswahili chidalondola pamenepa ndi *namba wiano*. M'Chichewa "nambala yamagawo" ingakwanire, ndipo "fulakishoni" asiyidwe kutchula cholembedwacho. Mphunzitsi akumbutse kuti 5 nayenso ndi nambala yamagawo, popeza ndi 5/1.

Masinde ndiwo amasonyeza kuti nambala yamagawo iliyonse yoposa 0 ili ndi nkhope imodzi yokha. Tsinde lililonse limakhala pamwamba, pansi, kapena palibe. Mu 12/35, tsinde 2 lili pamwamba kawiri, 3 ali pamwamba kamodzi, 5 ndi 7 ali pansi kamodzikamodzi. Palibe nambala yamagawo ina yokhala ndi dongosolo lomwelo. Choncho nambala zimene amazitcha zosagawika ndizo zomangira nambala zonse zobadwa pogawa, ndipo dzina loyenera liyenera kulola mphunzitsi kunena chiganizo chimenechi popanda kudzitsutsa.

Pali vuto linanso la kawerengedwe. Mawu akuti "magawo awiri mwa magawo atatu" ndi Chichewa chabwino pa 2/3. Koma pa 7/4 amabala "magawo asanu ndi awiri mwa magawo anayi", zimene munthu wolongosoka sanganene, pakuti palibe angatenge zisanu ndi ziwiri mwa zinayi. Kumene chiyankhulo chili ndi dzina la gawolo, vutoli palibe: 3/2 ndi matheka atatu, 7/4 ndi makota asanu ndi awiri. Kumene dzina palibe, mperekezi "pa" angathandize, monga amachitira kale mu "anthu 20 pa 100 alionse". Motero 11/7 awerengedwe "11 pa 7". Alembi alembenso nambala zotere m'zizindikiro, chifukwa "ndi" wa mu "zisanu ndi ziwiri" amasokonezeka ndi "ndi" wa mu "zisanu ndi theka".

7. Ntchito yachitatu: madesimali otha ndi osatha

Pamene 3/8 ndi 0.375 n'kutha, 1/3 ndi 0.333 mpaka kalekale. Ana ambiri amalandira zimenezi monga mwayi kapena tsoka la nambala. Chonsecho chifukwa chake ndi chachidule. Kawerengedwe ka madesimali kamayenda m'makumi, ndipo masinde a 10 ndi 2 ndi 5. Fulakishoni yochepetsedwa imapereka desimali yotha pokhapokha nambala yake yapansi ikakhala ndi masinde a 2 ndi 5 okha. Nambala 40 ndi 2 × 2 × 2 × 5, choncho 7/40 ndi 0.175. Nambala 6 ili ndi tsinde 3, choncho 1/6 satha. Mawu akuti "yochepetsedwa" asaiwalike: 21/28 ali ndi 7 pansi, koma 7 ameneyo amafafanizika, n'kutsala 3/4, ndiyo 0.75.

Mbiri ya ndalama za dziko lino ili ndi chitsanzo chabwino. Mu 1971 Malawi adasiya paundi n'kuyamba kwacha ya matambala 100. Paundi inali ndi masheleni 20, sheleni makobiri 12, ndiye kuti makobiri 240 pamodzi. Nambala 240 ndi 2 × 2 × 2 × 2 × 3 × 5, motero anthu atatu ankagawana paundi popanda chotsala, aliyense masheleni 6 ndi makobiri 8. Nambala 100 ndi 2 × 2 × 5 × 5, ilibe tsinde 3, ndipo anthu atatu ogawana K1,000 papepala amapeza K333.33 aliyense, tambala imodzi n'kutsala. Ola la mphindi 60, limene lidachokera ku kawerengedwe ka Ababulo, limagawika patatu pa chifukwa chomwecho, koma siligawika pasanu ndi pawiri.

Kubwereza kwa desimali yosatha nakonso kuli ndi lamulo. Pogawa 1 ndi 7, zotsala zingakhale 1 mpaka 6 basi. Zimabwera motere: 3, 2, 6, 4, 5, 1, kenaka zimayambiranso, ndipo yankho ndi 0.142857 wobwerezedwa. Nambala yapansi ikakhala yatsinde, kupatula 2 ndi 5, kutalika kwa chigawo chobwerezedwacho kumalowa ndendende m'nambala yochepa ndi 1 pa tsindelo. Pa 1/11 chigawocho ndi 09, zizindikiro 2, ndipo 2 amalowa mu 10. Pa 1/13 ndi 076923, zizindikiro 6, ndipo 6 amalowa mu 12. Pa 1/17 zizindikiro ndi 16. Lamuloli limachokera pa mfundo imene Pierre de Fermat adaitchula mu 1640, ndipo Gauss adalifotokoza m'buku lija la 1801.

8. Ntchito yachinayi: nambala zosalembeka m'magawo

Muzu wa 2 ndi kutalika kwa mzere wochokera pa ngodya ina kufika pa ngodya yopenyana nayo m'sikweya ya mbali zotalika 1. Agiriki akale adazindikira kuti palibe fulakishoni yoimira kutalika kumeneku. Ndi masinde, umboni wake ungakwane pa bolodi limodzi.

Fulakishoniyo itakhalapo, a/b, ndiye kuti a × a akhala wofanana ndi 2 × b × b. Nambala ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe, tsinde lililonse limabwera mowirikiza, motero mu a × a tsinde 2 lipezeka ka 0, kawiri, kanayi, ndi kupitirira motero. Mu b × b zilinso chimodzimodzi, koma 2 wina uja akuwonjezerapo kamodzi, kotero kuti mbali imeneyo tsindelo lipezeka kamodzi, katatu, kasanu. Nambala imodzi singakhale ndi kaphwanyidwe kuwiri. Choncho fulakishoniyo kulibe.

Nambala yotere ndiyo amati *irrational*, ndipo m'Chichewa ingatchedwe nambala yosalembeka m'magawo. Wowerenga ayese kunena umboni uli pamwambawu pogwiritsa ntchito "zoyamba" kapena "zosagawika" m'malo mwa "tsinde". Adzapeza akunena kuti "chosagawika 2 chikupezeka kangapo kogawika ndi 2", ndipo kalasi idzatayika pomwepo.

9. Zofunika kwa alembi, akonzi ndi aphunzitsi

Cholakwika chachikulu pa kapangidwe ka mawu a masamu n'kutenga mndandanda wa Chingerezi, kuyambira pa A mpaka pa Z, n'kumamasulira liwu lililonse palokha. Mawu a masamu amakhala m'mabanja. Amene akusankha dzina la 7 ayenera kukhala akuganiza kale za 7/2, za 0.142857 ndi za muzu wa 2. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kuchokera pa zimene zaunikidwa, mawu otsatirawa ndi oyenera kuyesedwa: *nambala yatsinde*, *masinde a nambala*, *nambala zopanda tsinde lofanana*, *fulakishoni*, pa cholembedwa, *nambala yamagawo*, pa nambala yeniyeniyo, *nambala yosalembeka m'magawo*, *desimali yotha* ndi *desimali yobwereza*. Akonzi a mabuku asankhe kuchulukitsa kumodzi, "nambala izi" kapena "manambala awa", n'kukusunga m'buku lonse. Kumene "nambala zosagawika" lazolowereka kale, lisalembedwe lokha popanda kuwonjezera kuti nkhani ndi ya nambala zathunthu.

Chiweruzo chotsiriza chili m'kalasi. Mphunzitsi aphunzitse mutu wonse, kuyambira pa kuphwanya 84 mpaka pa 1/7, ndi mawu amenewa, kenaka afunse ana mafunso atatu: ngati 9 ndi nambala yatsinde, ngati 7 angagawidwe kwa anthu awiri, ndiponso chifukwa chimene 1/8 amatha pamene 1/6 satha. Mayankho a ana ndiwo adzasonyeze ngati mawuwa ayenera kulowa m'mabuku kapena kubwerera kwa owapanga.